Thunthu la Nthochi m'Filimu ya Vitorino

Kodi inu munayamba mwadwalapo matenda okhalitsa, aja oti m'mawa amachita kukutulutsa panja ngati mphasa, madzulo n'kukulowetsanso? Ngati munadwalapo, ndiye mukudziwa kuti chowawa kwenikweni si matendawo ayi. Chowawa ndi mapazi a anthu. Umawamva akubwera panjira, mtima n'kunena kuti eya, awa ndiye akukhotera kuno, koma mapaziwo n'kungopitirira.

Kuno ku Insaca, kuseri kwa msika uja timati merikado, kuli khomo lina lomwe mapazi analeka kukhoterako. Ndi pakhomo pa a Tobiasi Tausi, aja ankagulitsa nsomba panjinga. Koma za pakhomopo simungazimve bwino musanamudziwe mng'ono wawo Vitorino, mwini wake wa baraka ya mafilimu ija inatsekedwa.

Vitorino anabadwira ku Chiuta nkhondo ili pakati. Bambo ake sanawaone nkhope, anapita kunyanja tsiku lina osabwerakonso. Anthu atayamba kuthawira ku Malawi, mayi awo anasenza katundu pamutu, ndipo mwanayo anabereka ndi a Tobiasi, omwe nthawi imeneyo anali atangotha kumene msinkhu. Anam'manga kumsana ndi chitenje chija timati kapulana, ngati mzimayi, n'kudutsa naye m'madambo, matope lekeza m'chiuno. Mpaka Vitorino atamera ndevu, a Tobiasi ankam'kumbutsabe pagulu: "Iwe usandiyankhe mwano. Msana uwu unaukodzera kuyambira ku Chiuta mpaka ku Malawi."

Kumsasa wa othawa nkhondo n'komwe matenda a mafilimu anam'gwirira. Kunkabwera anthu a zaumoyo pagalimoto, n'kupachika chinsalu choyera pamtengo, kuonetsa anthu filimu yosamba m'manja ndi yokumba zimbudzi. Ana anzake ankakhala kutsogolo kukamwa kuli yasa. Iye ayi. Ankazungulira kuseri kwa chinsalucho kukafuna komwe anthu ajawo abisala, ndipo akapeza kulibe munthu ankabwerako akulira kuti am'namiza.

Mtendere utabwera anabwerera kwawo. Mayi awo sanakhalitse, anatsogola, Mulungu awasunge pabwino. Anatsala awiriwiri. A Tobiasi anakwatira a Yunike, n'kumanga ku Insaca, n'kugwira njinga. Ankapita kunyanja ya Chiuta kukapikula matemba ndi makumba owamba, kudzagulitsa pamerikado. Anali munthu wathupi, wamawu. Akamabwera unkayamba wamva kuseka, njinga n'kuonekera pambuyo.

Ndipo panali chinthu chimodzi chomwe a Tobiasi sankaphonya: kuzonda odwala. Akangomva kuti uje wagona, kaya ndi Mkhristu kaya ndi Msilamu, ankakhota ndi njinga yomweyo, kutsitsa mlamba umodzi, kukhala pamphasa n'kuyamba kum'seka wodwalayo mpaka aiwale kubuula. Kuno kwathu matenda si a munthu mmodzi. Wodwala amazondedwa. Ubwere ndi kaufa, ubwere chimanjamanja, bola ukhale pansi um'gwire dzanja. Munthu wosazondedwa ndi yemwe anthu akum'ganizira zaufiti basi. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Vitorino sukulu analekezera kwarta, kalasi yachinayi. Anayesa usodzi, ankasanza m'bwato. Anayesa kulima fodya, anawotcha chigafa. A Tobiasi ataona kuti mwanayu khasu silim'konda, anam'thandiza kupeza televizawu yakale ndi kajenereta kotsokomola. Anamanga baraka ya mabango pafupi ndi merikado, pamwamba pulasitiki yakuda, m'kati mabenchi a matabwa. Apa ndiye Mulungu anaonetsa kuti palibe munthu amene anam'lenga wopanda mphatso.

Mafilimuwo ankabwera m'Chingerezi, ena m'zilankhulo zoti sitidziwa n'komwe kuti n'zakuti. Vitorino naye sankamva kanthu. Koma ankaima pambali pa televizawu ndi maikolofoni, n'kumamasulira za m'mutu mwake.

"Taonani, taonani! Mbale ija yatera. Akutulukayo ndi mfumu yawo, dzina lake ndi Bwanausi wa Kumwamba. Akuti, moni nonse, tabwera kudzagula matemba. Mayiyo akuti, pepani bambo, matemba atha, bwerani Lachiwiri!"

Anthu kufa ndi phwete. Ena ankalowa osati kudzaonera filimu ayi, koma kudzamva pakamwa pa Vitorino.

Ankaonetsa zakarate ndi zachikondi zomwe, koma mtima wake unali pa mtundu umodzi. Aja a zilombo zochokera kunyenyezi, zobwera m'chimbale chouluka. Zimaba munthu, m'malo mwake n'kusiyamo roboti, chimakina chovala khungu la munthu. Nkhope yomweyo, mawu omwewo, koma m'kati mawaya okhaokha, mkazi n'kumachiphikira osadziwa kuti mwamuna wake anapita kale. Anali mafilimu otchipa, oti ngakhale mwana ankaona chingwe chomwe apachikira chimbalecho. Vitorino sankabisa.

"Chingwe chija mwachiona? Ngakhale akumwamba galimoto yawo amaimangirira ngati mbuzi, kuopa akuba a ku Insaca!"

Koma akatseka baraka ankanena motsimikiza: "Ngati anzathu akupanga filimu ndi chingwe, ife chingwe tilibe? Tsiku lina ndidzapanga yanga."

Zaka zinapita. Anakwatira, anabereka, jenereta inalowedwa m'malo ndi painelo ya dzuwa, anagula telefoni yojambula. Kenako tsiku lina a Tobiasi akuchokera ku Chiuta anagwa panjinga, nsomba mbwee pamsewu. Kuchipatala namwino, enfermeru uja, anati ndi tromboze, matenda aja a ku Malawi amati sitiroko. Moyo unatsala, tithokoze Ambuye, koma mbali yakumanja inafa. Mwendo ankachita kuukoka, dzanja linapindika, pakamwa panakhota. Choipitsitsa, mawu anathawa. Munthu uja wamawu ngati ng'oma anatsala ndi mawu awiri okha: "Zili bwino." Akafuna madzi, zili bwino. Akamva kuwawa, zili bwino. Mutu unali bwinobwino, chilichonse ankamva, koma lilime linkangotulutsa omwewo.

Poyamba anthu ankabwera, tisawanamizire. Asodzi ankabwera, amalonda anzawo ankabwera, amayi a kumpingo ankabwera Lachinayi lililonse kudzaimba ndi kupemphera, motsogoleredwa ndi mayi Josefina. Pamphasa sipankazizira. Koma alendo akachoka, a Tobiasi ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumayang'ana njinga yawo itatsamira pankhokwe, misozi ili chuchuchu. Vitorino ankawaona, mtima n'kumam'dula.

Nthawi yokolola mpunga, a Yunike anapita kumunda wawo wa kufupi ndi nyanja kukagonera komweko, odwala n'kusiyira mlamu wawoyo. Vitorino anawasambitsa, anawadyetsa, kenako anakhala pansi n'kuwayang'ana.

"Achimwene, ndikupanga filimu ija. Ndikufuna munthu woti akhale roboti. Ndayang'ana Insaca yense, palibe amene akuyenda ngati makina kuposa inu."

A Tobiasi anam'yang'anitsitsa. Vitorino anati basi, apa ndalakwitsa. Kenako mbali yamoyo ya pakamwa ija inakwera, mapewa anayamba kugwedezeka, n'kuseka. Kuseka kwenikweni, mpaka dovu kuchucha. Chigwereni panjinga anali asanasekepo.

"Zili bwino!" anatero, akumenya mphasa ndi dzanja lamanzere.

Chilombo chinakhala a Amisi Zubairi, msodzi wa ku Chiuta, mnzawo wa a Tobiasi wakalekale, yemwe anabwera kudzazonda n'kupezeka wagwidwa.

"Ine ndikhale chilombo? Iwe Vito, ndine munthu woswali ine."

"Nkhope sioneka, a Amisi. Muvala chisoti cha njinga yamoto ndi jasi yamvula."

"Nanga ndiziyankhula chiyani?"

"Chiyao, koma mothamanga. Anthu aziti n'chakumwamba."

"Mwana wopanda mwambo iwe! Theka la Insaca limamva Chiyao. Adzamva ndikutukwana iweyo."

Chimbale chouluka anapanga ndi mabeseni awiri a a Yunike, kuwavundikirana kukamwa, kuwamanga ndi chingwe cha mbedza kunsonga ya nsungwi. Utsi unali wa masamba auwisi. M'telefoni mwake Vitorino munali kanema wakale wa paukwati wina, a Tobiasi ali bwinobwino, akuvina atanyamula nkhuku m'khwapa, akukuwa nthabwala. Anati ameneyu akhale koyambirira, anthu aone munthu weniweni asanabedwe. Kenako chilombo chibwere, chim'tenge, chiumbe roboti pamphasa, robotiyo idzuke.

Vuto linali pa kuumbapo. Pankafunika chinthu chooneka ngati munthu wagona, choti achifunditse nsalu. Anayesa thumba la madeya. A Amisi anabwerera m'mbuyo.

"Ichi chikuoneka ngati nkhumba. Ine sindigwira."

A Tobiasi kuseka mpaka kutsokomola. Vitorino anayang'ana uku ndi uku, anatenga chikwanje, anapita kuseri kwa bafa n'kudula thunthu la nthochi. Linali lalitali ngati munthu ndithu. Analibaya mawaya a wailesi yakufa, analimata mapepala onyezimira a mabisiketi, analiveka jekete ya a Tobiasi, n'kuligoneka pamphasa.

Apa, abale, ndi pomwe Satana anadutsa. Ife opemphera sitiyenera kukhulupirira zimenezi, koma tisanamizane, aliyense wa kuno anakula akuzimva. Amati munthu wofuna chuma chokhwimira amatenga m'bale wake weniweni, kum'dula lilime kuti asaulule, n'kum'sandutsa ndondocha yom'gwirira ntchito mobisika. Ndipo kuti abale asadziwe, pamphasa amasiyapo thunthu la nthochi, maso a anthu n'kumaliona ngati munthu. Si mtondo, si chipika, ndi nthochi. Amuna atatu aakuluakulu aja onse ankazidziwa zimenezi. A Amisi anakanda m'mutu pang'ono n'kuti, "Nthochi?" Vitorino anati, "Ndi filimu iyi, inu." Ndipo popeza wodwala anali akuseka, palibe anafuna kudula chisangalalocho.

Anajambula. Chilombo chinavundukula nsalu, thunthu kuonekera bwinobwino, chinafunditsanso, chinawalitsa tochi. Vitorino anali ataphunzira kudula ndi kulumikiza patelefonipo, ndiye povundukula kachiwiri panali patagona a Tobiasi, atavala jekete yomwe ija. Anadzuka movutikira, anakoka mwendo kulunjika kwa wojambula, nkhope mbali imodzi ili gwaa, n'kunena kuti, "Zili bwino."

Masiku amenewo a Tobiasi ankadya n'kumaliza mbale. A Yunike atabwerako kumunda anadabwa kupeza mwamuna wawo maso akuwala. Anamva kuti ajambula filimu, anangoti zachibwana za alamu, n'kufunsa chomwe chaphwanya beseni lawo. M'baraka iwo sankalowamo.

Tsiku loonetsa linali Loweruka masana. Vitorino anawakweza achimwene ake pakaliyala, anakawakhazika benchi yakutsogolo. Baraka inadzaza mpaka ena kusuzumira m'mabango. Ataonekera a Tobiasi akuvina ndi nkhuku, anthu anakuwa, ena kuwasisita pamsana. Mabeseni atatera, phokoso. A Amisi atayamba Chiyao chawo, Ayao onse anagwa m'mabenchi, chifukwa analidi akutukwana Vitorino.

Kenako nsalu ija inavundukulidwa.

Kuseka kunazima ngati wathira madzi pamoto. Munthu anadzuka pamphasa, anakoka mwendo, ananena mawu ake awiri aja, m'baraka muli zii. Amene anakhala moyandikana ndi a Tobiasi anasendera pang'ono. Bambo wina wachikulire anatenga chipewa chake n'kutuluka. Kumbuyo wina ananena, osati mokweza: "Waulula yekha."

Vitorino anamva, koma anayesa nthabwala. Ndipo mawa lake anthu anabwera ochuluka kuposa dzulo. Mkuja chimodzimodzi. Ankachokera ku Chiuta panjinga, ena kutsika minibasi zija timati shapa n'kulunjika kubaraka. Anyamata ankapempha kuti awaikire m'matelefoni, iye n'kumawaikira mokondwa. Anati Mulungu wandiona. Anagula televizawu yaikulu yopyapyala, anawonjezera painelo ina. Sanadziwe kuti anthu sakubwera kudzaonera filimu, akubwera kudzaona umboni.

Kunyumba kwa a Tobiasi kuja mapazi anayamba kuchepa. Amalonda analeka. Asodzi ankadutsa njira ina. Lachinayi lina kunabwera amayi ochepa, osakhala pamphasa, kupemphera chiimire n'kumapita. Lachinayi lotsatira a Yunike anasesa pabwalo, anayala mphasa, anawaveka amuna awo malaya oyera. Anadikira mpaka mthunzi wa nkhokwe unafika pakhonde. Sikunabwere munthu.

Anakazimvera pamjigo. Anafika, amayi onse n'kukhala chete. Mmodzi wachifundo anawakokera pambali n'kuwaonetsa filimu ija patelefoni. A Yunike anasiya ndowa pomwepo, ulendo wa kubaraka.

"Alamu, tatulukani. Ichi n'chiyani?"

"Ndi filimu, alamu. Achimwene anavomera okha."

"Anavomera! Munthu woti ukam'funsa kuti tikakutayeni m'nyanja ayankha kuti zili bwino, ameneyo ndiye anavomera?"

"Ankaseka, alamu. Inu simunawaone mmene ankasekera."

"Ine sindikukana kuseka. Ndikufunsa za nthochi. Mitengo yatha m'dziko muno? Mtondo wanga sunali pakhonde? Mukanandidikira, ndikanagona ineyo pamphasapo mundibaye mawayawo. Mukudziwa zomwe akunena? Akuti amuna anga enieni munawatenga tsiku lija anagwa panjinga. Akuti ali m'baraka muno, amapukusa magetsi anu. Akuti chomwe ndikusambitsa ine m'mawa uliwonse ndi nthochi. Ine, Yunike, ndikuchapira nthochi zofunda!"

Vitorino anakhala pansi pafumbi, anthu a pamerikado akuonerera.

Anayesa kukonza, zimenezo tim'chitire umboni. Anafufuta filimuyo m'telefoni mwake, koma inali itafika kale ku Entre Lagos, itawoloka mpaka ku Malawi. Anaima m'baraka ndi maikolofoni, anthu atadzaza, n'kufotokoza mmene anadulira ndi kulumikizira, kuti pamphasa panagona thunthu, iye n'kuimitsa telefoni, n'kulichotsa, achimwene n'kugonapo. Anthu anamvetsera. Kenako wina anafunsa: "Tamva. Koma n'chifukwa chiyani nthochi?" Wina n'kuwonjezera: "Nanga m'bale wako atangogwa, iwe n'kuyamba kukwera, zimenezo ukuti bwanji? Televizawu iyi yachokera kuti?" Vitorino anaika maikolofoni pansi n'kutuluka.

Anapita kwa mayi Josefina, anagwada pabwalo.

"Mayi, ndinalakwa ndine. Mundilange ine. Koma achimwene alakwa chiyani? Mwamuna wanu atadwala chifuwa, ndani ankabwera ndi mlamba?"

Mayi Josefina anayang'ana pansi. "Mwana wanga, ine sindikhulupirira zimenezo. Ndimawapempherera tsiku ndi tsiku."

"Ndiye bwerani mudzawapempherere pafupi."

"Anthu akuti aliyense wolowa pakhomo paja akudya nawo. Ndili ndi ana aakazi oti akwatiwe. Tadikirani kaye mphepoyi idutse."

Zoona zake n'zimenezo. Ambiri sakhulupirira mpaka pansi pamtima ayi. Akuopa kunenedwa. Aliyense akudikira kuti ayambe mnzake, ndipo mphepo ija mpaka lero sinadutse.

Vitorino ankaganiza kuti mwina achimwene ake sakudziwa. Koma tsiku lina masana anawapeza atadzikoka okha kuchokera pakhonde mpaka m'mphepete mwa njira, atatsamira mtengo wa mango. Mayi Josefina ankachokera kuchigayo, thumba lili pamutu. A Tobiasi anatambasula dzanja lamanzere, lija lamoyo, kuti apereke moni. Mayiwo anakweza manja onse awiri kugwira thumba ngati likugwa, anati "Mwaswera bwanji, bambo," maso ali kutsogolo, n'kupitirira. Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi. Kenako a Tobiasi analibweza, analiyang'ana kuseri ndi kutsogolo, analitsina ndi mano, n'kuliyang'ananso.

Vitorino anawanyamula kubwerera nawo pakhonde. Anawabereka kumsana, mmene iwo anam'berekera kale m'madambo muja, onse awiri akulira.

"Achimwene, ndikhululukireni. Ndakupherani anthu."

Iwo anam'gwira khutu n'kulipotokola, monga ankachitira ali mwana. Mawu anatuluka omwe aja, poti ena alibe. Ngati anali okhululuka kapena odandaula, akudziwa ndi Mulungu yekha.

Sabata yomweyo Vitorino anatseka baraka. Anati sangadyenso za pamenepo. Anapopa njinga ya achimwene ake, anamangirira dengu, n'kuyamba kupita ku Chiuta kukapikula nsomba, kuti adyetse makomo awiri. Malonda sakuyenda kwenikweni, chifukwa ena safuna kugula kwa iye, ndipo iye mwini luso la nsomba alibe, amam'gulitsa zofumbwa. Waonda, imvi zatuluka msanga. Mkazi wake anapirira, koma ana ake kusukulu amawatcha ana a roboti.

Televizawu yaikulu ija sanagulitse. Anaisenza n'kukaipachika pakhonde pa a Tobiasi, painelo n'kuika padenga. Mabenchi onse a m'baraka anawatuta n'kuwandanditsa pabwalo. Anauza anthu pamerikado kuti kuyambira tsopano filimu ndi yaulere, aliyense abwere, malo ake ndi kwa achimwene. Anati mwina anthu akabwerera filimu, adzakhala pansi, ndipo akakhala pansi wina adzapereka moni.

Mpaka lero amaonetsa. Akabwerako kunyanja amasamba, amawakhazika achimwene ake pampando wakutsogolo, amayatsa, n'kutenga maikolofoni ngakhale woonera ali mmodzi.

"Taonani, taonani! Bwanausi wa Kumwamba wabweranso. Akuti, kodi matemba aja afika? Mayiyo akuti, afika bambo, koma wabweretsa ndi Vitorino, ndi ofumbwa!"

A Tobiasi amaseka ndi mbali imodzi. A Yunike amapeta mpunga chapatali, amayankhula ndi mlamu wawoyo mwa apo ndi apo, koma chakudya amam'patsa. Mabenchi kumbuyoko ali mbee, nkhuku zokha n'zomwe zimakwerapo. Ana amasuzumira kumpanda, amayi awo akaitana n'kuthawa. Amene amabwera ndi a Amisi okha, Lachisanu akatuluka kumzikiti. Amakhala pafupi, amawadula zikhadabo anzawowo, n'kumang'ung'udza: "Ndinafunsa ine kuti nthochi? Ndinafunsa. Koma ndinafunsa kamodzi. Ndikanafunsa kawiri."

Pa filimu yonse ija Vitorino anasungako kachidutswa kamodzi, kaja ka paukwati. A Tobiasi akaloza telefoni ndiye kuti akufuna kameneko. Amadzionera akuvina ndi nkhuku m'khwapa, anthu atawazungulira, akuwaombera m'manja. Kakatha amatembenuka n'kuyang'ana kunjira.

Vitorino analakwa, palibe akukana, ndipo iye mwini amanena poyera. Analakwa pofuna kuseketsa m'bale wake. Koma tsiku lomaliza Ambuye sadzafunsa za nthochi ayi. Adzafunsa kuti ndinadwala, kodi munabwera kudzandiona? Pamenepo sitidzanena kuti tinkadikira mphepo idutse.

Ndiye inu amene mwamva nkhaniyi, pitani mukawaone. Mukafika pamerikado wa Insaca, funsani kwa a Tausi a nsomba. Adzakulozerani ndi mlomo chapatali, inu musabwerere. Mudzaona mtengo wa mango ndi mabenchi pabwalo. Musavutike n'kunyamula kanthu. Pitani dzuwa likapendeka, nthawi ya filimu, mukakhale pabenchi yakutsogolo, osati yakumbuyo. Vitorino akanena zake zopusa zija, mukaseke mokweza. Ndipo a Tobiasi akatambasula dzanja lamanzere, mukaligwire ndi manja awiri, musafulumire kulisiya. N'lofunda. Ndi dzanja lomwe lija linkatsitsa mlamba pakhomo panu.